Mbasela ya Atate pa thumba la thanga

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Febuluwale, cha m'ma 16 koloko. Ndakhala pakhonde ndi buku la masamu pamiyendo, koma chiyambire 15 koloko ndawerengera funso limodzi lokha, nalonso ndikulikayikira. Ndikalemba mzere umodzi ndimaimirira, n'kupita kumpanda kukayang'ana cha kumtsinje. Mitambo yada kumeneko. Amayi andifunsa kawiri ngati m'siketi mwanga mwalowa nyerere.

Si nyerere. Ndi mvula. Ine ndimakonda mvula, makamaka ikamagunda pamalata ine ndili m'nyumba, koma sabata ino ndikuiopa. Chifukwa chake chili pa boti la munthu wina.

Inu mudzawerenga tsambali Lolemba pa bolodi la sukulu, zonse zitachitika kale. Ine ndikulemba ndisakudziwa mathero ake. Mundipirire.

Atate anga amasoka matenti a malole. Ambiri a ku Nangongwe mumawadziwa, Ba Sakala a shedi ya malata kuseri kwa timasitolo, pamene pamalira makina ngati njinga yamoto. Asanayambe zawozawo anagwira ntchito zaka zambiri ku mafakitale, akusoka zophimbira katundu. Feteleza akanyowa amauma ngati mwala. Chimanga chikanyowa chimamera m'thumba momwemo. Choncho ulemu wonse wa Atate uli pa chinthu chimodzi: dontho lisalowe. Akamaliza tenti amaiyala pamipando iwiri, n'kuthirapo ndowa ya madzi, n'kugona chagada pansi pake kuyang'ana. Ndili wamng'ono ndinkagona nawo pamenepo, tonse awiri maso m'mwamba, kudikira dontho limene silinabwerepo.

Masiku ano ntchitoyo yachepa. Eni malole amagula matenti apulasitiki osoka kale, otchipa, ong'ambika msanga, ndipo akang'ambika amangogula ena. Pali masabata amene makina a Atate amalira masiku awiri okha.

Mwezi watha pashedi panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wa imvi, wovala nsapato za mphira, dzina lawo Amayi Lubinda. Anali dokotala, anapuma ntchito, amakhala ku Lusaka, ndipo Loweruka lililonse amabwera kuno chifukwa ali ndi boti kumtsinje, pa kadoko kena kumtunda kwa mlatho. Si boti la injini. Limayenda ndi mphepo, yogwidwa ndi chinsalu chachikulu choyera chimene m'Baibulo chimatchedwa thanga.

Vuto lawo linali ili. Thangalo limakwezedwa pa mlongoti wautali, ndipo m'munsi mwake limamangidwa ku mtanda wachitsulo wopingasa. Kukweza n'kosavuta. Kutsitsa ndiye nkhondo. Limagwa balalabalala, kuphimba munthu, kwina kugwera m'madzi, ndipo uyenera kulikumbatira, kulipinda ndi kulimanga, mphepo ikukumenya nalo kumaso, boti likugwedezeka. Kale ankachita zimenezi ndi amuna awo. Amunawo anamwalira, ndipo phewa lamanja la Amayi Lubinda silikwezekanso bwino.

"Nikalephera kusiliza iyi nkhani, boti nizagulisa," anatero. "Ndipo sinifuna."

Njira yake ilipo. Amasoka thumba lalitali lokhala pamwamba pa mtanda uja, la zipi pamwamba. Kenaka amamanga zingwe zoonda kuchokera pamwamba pa mlongoti, kutsika mbali zonse ziwiri mpaka m'milomo ya thumbalo, ngati manja awiri otchinga. Ukamasula thanga, limatsetsereka pakati pa zingwezo n'kudzigwera lokha m'thumba. Iwe n'kungokoka zipi, basi.

Zimenezi zimawononga ndalama zingati? Ndikudziwa chifukwa ndine ndinalemba pepala la mtengo, popeza Atate amati zolemba zanga zimawerengeka. Amayi Lubinda anali atafunsa kale kunja kwa dziko, ndipo anawauza K25,000, osawerengera zotumizira ndi msonkho wa pamalire. Atate anawerengera motere. Nsalu yolimba yosapsa ndi dzuwa, mamita asanu ndi awiri, yogula ku Lusaka, inapitirira pang'ono K3,000. Zipi yaitali, zingwe mamita makumi anayi, timagudumu tinayi toyendetsa zingwe, ulusi ndi misomali yomangira, zonsezo pafupifupi K2,000. Minibasi kupita ndi kubwera. Ntchito ya manja anaika K2,500, ndipo ananena mtengowo akuyang'ana pansi. Zonse pamodzi, K8,000. Amayi Lubinda sanatsitse n'komwe. Ananenanso kuti ntchitoyo ikakhala bwino abweretsa anzawo awiri a maboti amene akufuna zophimba.

Anasiya pepala limene anajambulapo thumbalo, ndi miyeso yonse. Nkhani yanga yagona papepala limenelo.

Pa chithunzicho, mzere wa pamwamba unali wathunthu, wa m'mbali wathunthu. Koma wa pansi pa thumba unali woduka malo atatu, ndipo m'mipata itatuyo anajambulamo timizere topingasana ngati sefa. Ndinaziona tsiku limene tinkadula nsalu. Ine ndinagwira tepi, Atate choko.

"Atate, apa pali mipata," ndinatero.

Anasendeza magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyankha ndi dzina limene amanditcha, mami.

"Ba madamu ni ba dokota, mami. Baziba matenda, matenti sibaziba. Thumba ya mabowo pansi? Na mvula ya Kafue? Awe. Tizavala ponse, misoko iwiri, na phula pamwamba. Iyo ni mbasela."

Mbasela mukuidziwa. Ukagula tomato wa K10, mayi wogulitsa amaponyamo mmodzi wapamwamba kuti udzabwerenso. Atate anatenga maola atatu ena kutseka pansi pa thumbalo, osawonjezera ngwee pamtengo. Inali mphatso. Ankaimba uku akusoka.

Ine m'mutu mwanga munali funso laling'ono: bwanji osawaimbira foni kuwafunsa chifukwa chake anajambula choncho? Nambala yawo inali pakona ya pepala lomwelo. Ndinatsala pang'ono kulinena. Kenaka ndinaganiza kuti ndine ndani ine, wa giredi teni, kuuza munthu amene anayamba kusoka ndisanabadwe? Ndinagwira tepi bwinobwino n'kukhala chete. Amene muli nane m'kalasi simudabwa. Mukudziwa kuti ngakhale yankho ndikulidziwa, dzanja langa limafika paphewa basi.

Loweruka lapitali tinapita kukaika thumbalo. Pa kadokopo pali Ba Hamoonga, bambo wachitonga amene amayang'anira maboti, wakhala pamtsinje moyo wake wonse. Zingwe zija zimafuna munthu akwere mlongoti kukaboola ndi kumanga timagudumu tiwiri pamwamba. Ba Hamoonga anatulutsa kathabwa komangidwa ku chingwe, n'kuuza Atate akhalepo.

"Ine? Apo?"

"Nanga ndani? Ine nizadonsa. Osayangana pansi, Ba Sakala, ng'ona za pano zimadya chabe bantu bamene baziyangana."

"Iwe, usaseke na moyo wanga. Nili na bana."

Anakwera. Atate anga, amene ngakhale padenga la nyumba yathu sakwera, analendewera pamwamba pa mlongoti atakumbatira chitsulo ndi miyendo yonse, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu onjenjemera. Koma anaboola bwinobwino, n'kumanga timagudumu tonse tiwiri. Atatsika anakhala pansi, n'kuseka mpaka misozi.

Amayi Lubinda anayesa. Anakweza thanga, n'kumasula chingwe. Chinsalu chonsecho chinatsika mwaulemu, chikudzipinda chokha, n'kugona m'thumba ngati mwana. Anakoka zipi ndi dzanja lamanzere. Anayang'ana kutsidya, kenaka anati, "Ba Sakala, mwanibwezera boti yanga." Anayang'ana zipi, anayang'ana zingwe. Pansi pa thumba, pamene pagona pa mtanda, sanasuzumire.

Lamlungu Atate anaimirira kutchalitchi kupereka umboni. Anafotokoza za mlongoti, za ng'ona, za anzawo awiri a madamu amene akubwera Loweruka lino. Anthu anaomba m'manja, woimba kiyibodi anawonjezera moto, abusa anati khomo latseguka. Ine ndinaombanso m'manja.

Lolemba inagwa mvula. Lachiwiri inagwanso, yamphamvu ija inatibweza pa asembule.

Dzulo, Lachitatu, Atate anandituma ndikaweruka kusukulu ndikatenge tepi yawo imene anaiwala kudoko. Ndinapeza Ba Hamoonga akukonza ukonde. Anandipatsa moni wachitonga, ndinayankha mmene ndimathera, kenaka anaika ukonde pansi n'kunena kuti, "Mwana wa Ba Sakala, bwera uone."

Thumba lija linali litatupa chakumbuyo ngati mimba ya mbuzi yokhuta. Mtanda unali utawerama ndi kulemera. Ba Hamoonga analikankha ndi chala, ndipo ndinamva madzi akuyenda m'kati. Anatsegula zipi. Thanga loyera lija linali litamira, ndipo linatulutsa kafungo ka zovala zimene waiwala m'beseni masiku atatu.

"Koma anasoka bwino," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayamba ndi mawu amenewo. "Anaika na phula."

"Basoka bwino maningi. Ndiye pulobulemu. Ona, manzi yangena apa pa mlongoti, yaselela na chisulo. Yangena futi mu zipi, na mu tumabowo twa ntambo. Pa boti sungayaletse manzi kungena. Ufunika kuyapasa njira yochokela. Manje batate bako bapanga ndowa."

Tinakhuthula awiri ndi kachitini. Ndinawerenga zitini mpaka makumi anayi, kenaka ndinasiya kuwerenga. Tinayanika thangalo padzuwa pang'ono limene linalipo. Ba Hamoonga anati likakhala m'madzi chonchi sabata ziwiri zitatu limachita nkhungu, madontho akuda osachoka, ndipo ulusi wake umafooka. Ndinafunsa mtengo wa thanga latsopano. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti makina a Atate ndi shedi yomwe sizingakwane.

"Munaona liti kuti pansi ni povala?" ndinafunsa.

Anakanda kumutu. "Pa Satade pamene apo."

"Simunakambe?"

"Ninaganiza kapena ni sitayilo ya manje. Munthu wabwela na nchito yake yabwino so, wakwela na pamwamba, ine niyambe kumufunsa pamenso pa ba madamu? Awe."

"Nanga kubatumila foni?"

"Ba Sakala ni bakulu kuli ine. Nikabauza ine, monga nabanyoza. Iwe ndiwe mwana wabo, kuli iwe bazamvela bwino. Ine ningakhuthule manzi, koma siningadule nchito ya mwamuna munzanga. Ubauze babwele pa Fraide. Satade ba madamu bali pano na banzabo."

Anandipatsa tepi, n'kubwerera ku ukonde wake.

Taonani mmene zinayendera. Atate anaona mipata papepala, sanafunse Amayi Lubinda. Ine ndinaona Atate akutseka, sindinafunse kachiwiri. Ba Hamoonga anaona potsekapo, sanafunse Atate. Anthu atatu, palibe woipa mtima, palibe waulesi. Aliyense anali kusunga ulemu wa mnzake, kapena wake. Ndipo uthengawo, utazungulira akuluakulu onse, wadzagwera munthu amene amachita manyazi ngakhale kuuza kondakitala kuti wafika potsikira.

Ndayesa kawiri. Dzulo pa chakudya chamadzulo Atate anali kufotokoza kuti maboti awiri aja akabwera agula mota yatsopano ya makina, ndipo mwina alembe chikwangwani chakuti amasokanso za maboti. Ndinati, "Atate." Anati, "Kamba, mami." Anandiyang'ana ndi nkhope yowala ija imene sindinaione chiyambire Khirisimasi. Ndinapempha mchere. Mcherewo unali pafupi ndi mbale yanga.

Lero m'mawa ndinawatsatira mpaka pageti. Ndinangowauza kuti kolala ya shati yawo yapindika.

Nditabwerako kusukulu ndinauza Amayi anga zonse. Anasiya kusankha nyemba, n'kugwira pakamwa.

"Mayo! Na umboni bapeleka."

"Mubauze ndimwe, Amayi."

"Ine? Nikakamba ine bazati nimasusha vonse. Ninabauza kale kuti mtengo bachepesa, tinakangana mpaka nshima inazizila. Iwe bakumvela. Ukambe chabe bwino-bwino, bakadya."

Tsopano takwana anayi.

Chimene chikundisowetsa mtendere, kupatula mitambo, ndi chakuti khalidwe limeneli ndaliona nthawi zambiri, koma sindinaliganizirepo. Tili ndi chizolowezi chokonzera munthu zinthu osamufunsa, n'kumati tamuchitira zabwino. Ndani mwa atsikana inu sanapiteko kwa telala ndi muyeso wa siketi, n'kukaitenga itatalika ndi zala zinayi, chifukwa telalayo waona kuti ndi mmene iyenera kukhalira? Ife tinali ndi wowotcherera zitsulo amene anatiikira zotchinga akuba pamawindo, ndipo mwa kukoma mtima kwake anawotchereranso windo la kukhitchini kuti lisamatseguke n'komwe. Mpaka lero Amayi akakazinga kapenta timatsokomola nyumba yonse. Azakhali anga amathira shuga m'tiyi wa agogo mobisa, chifukwa tiyi wopanda shuga amawamvetsa chisoni, pamene akuchipatala analetsa.

Nanenso ndilimo. Chaka chatha mnzanga wina atadwala ndinamukoperera manotsi a sayansi, ndipo pamene ndinaona ngati aphunzitsi alakwitsa, ndinakonza mwakachetechete. Sanalakwitse. Mnzangayo analephera funso limenelo, ndipo mpaka lero sadziwa chifukwa chake. Tsopano adziwa. Pepa.

Mbasela ya kumsika ndi yabwino chifukwa umaiona. Mayi uja amakweza tomato m'mwamba, n'kunena kuti, "Iyi ni mbasela," ndipo ngati ndi wowola ukhoza kuseka n'kumubweza. Koma mbasela ya m'ntchito ya manja imabisala m'misoko. Mwini wake amaidziwa mochedwa, mvula itagwa.

Nanga n'chifukwa chiyani sitifunsa? Ndaganiza kwambiri za Atate, chifukwa sindifuna muwaone ngati munthu wodzikuza. Sali choncho. Ndikuganiza kuti mmisiri wa kuno amaopa kuti akafunsa, kasitomala aganiza kuti sadziwa ntchito, n'kutenga pepala lake kupita nalo ku Lusaka. Makamaka kasitomala wa galimoto yoyera. Makamaka mwezi umene makina alira masiku awiri pasabata. Munthu amene sanakwerepo boti la thanga anafunika kuoneka ngati wasoka matumba otere zaka makumi awiri. Funso limodzi likanaulula kuti aka n'koyamba. Koma Amayi Lubinda ankadziwa kale kuti n'koyamba! Pa Kafue pano ndani wina anasokapo chinthu chotere?

Kusukulu n'chimodzimodzi. Aphunzitsi akafunsa kuti, "Tamvana?" tonse timayankha mokweza kuti inde. Kenaka pa buleki timazungulira munthu mmodzi amene tikumuganizira kuti wamva, iyenso n'kutiuza zimene akuganiza kuti anamva. Tinaziphunzira kuti zoti funso ndi chipongwe kwa wamkulu ndi manyazi kwa wofunsa? Anatiphunzitsa ndani? Ine sindikumbukira tsiku lake, koma phunzirolo ndinalikhoza kuposa masamu.

Sindikunena kuti mmisiri azingotsata pepala ngati makina. Ayi. Pepala lomwelo linati zipi, osanena ya mtundu wanji, ndipo Amayi Lubinda anali atabweretsa yachitsulo. Atate anaitembenuza m'manja, n'kunena pamaso pawo kuti iyi pamadzi ichita dzimbiri mwezi umodzi, tigule yapulasitiki ya mano akuluakulu. Amayiwo anavomera, anathokozanso. Nzeru za Atate zinagwira ntchito pamenepo. Mutu womwewo, mtima womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti za zipi anazinena mokweza mwini wake ali pomwepo, pamene za mipata anazisunga kuti zikhale mphatso.

Ndabwereranso ku pepala la mtengo lija, chifukwa kope lake lili m'buku langa. Nsalu ilipo, zipi ilipo, zingwe, timagudumu, minibasi, ntchito ya manja. Ngakhale mantha a pamlongoti tinganene kuti analowa mu K2,500 ija. Chimene palibe ndi foni ya mphindi ziwiri. Ikanadya mwina K2 ya mayunitsi. Pa zinthu zonse zofunika poika thumba la thanga pa boti, chotchipa kwambiri n'chimene tinachisiya.

Kukonza kwake, mmene ndaonera, si kwakukulu. Kumasula thumba pa mtanda, kubwera nalo kushedi, kudula malo atatu pansi, kupinda m'mphepete, kusokerapo neti yolimba. Neti yotere ilipo, inatsala pa mipando ya minibasi imene anasoka chaka chatha. Kenaka kubwerera kudoko kukamanganso. Kukwera mlongoti sikufunikanso. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, ngati ayamba m'mawa, ngati magetsi sathima. Tsiku limodzilo ndi mawa. Likadutsa, Loweruka Amayi Lubinda adzatsegula zipi pamaso pa anzawo awiri, ndipo chimene chidzatuluke m'thumbamo chidzatseka khomo lija abusa ananena.

Ndiye mukhoza kufunsa kuti, nanga chovuta n'chiyani, Nelia? Ungonena.

Chovuta ndi nkhope yawo. Ndikudziwa mmene idzachitire. Sadzakalipa. Atate sakalipa. Adzavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa shati, osayang'ana munthu. Adzakumbukira kuti ndinawaonetsa mipata ija ndipo anaitsekabe. Adzakumbukira umboni. Ndipo amene adzawachititse zimenezo ndine, amene amanditcha mami, amene amandisungira nsonga ya chimanga chootcha. Ndakhala ndikufunafuna mawu amene angalowe osapweteka. Ndalemba ziganizo zisanu kumbuyo kwa buku la masamu, ndafufuta zinayi. Palibe chosapweteka.

Koma ndaonanso kuti kukhala chete kwangaku n'chimodzimodzi ndi msoko wawo uja. Ndikuti ndikuwateteza. Ndikutseka bwinobwino kuti chowawa chisalowe, pamene chalowa kale, chikungodikira Loweruka. Ndikapitiriza, ndidzakhala nditawasankhira ndekha, osawafunsa, kuti ndi bwino achite manyazi pamaso pa alendo atatu kusiyana ndi pamaso pa mwana wawo. Ndani anandipatsa mphamvu imeneyo?

Palinso china chimene sindinachithetse. Akakonza mawa, kodi awauze Amayi Lubinda kuti thanga lawo linagona m'madzi masiku awiri, kapena angokhala chete poti zakonzeka? Ine ndikuganiza kuti awauze. Thangalo ndi lawo. Koma zimenezo n'za Atate, ndipo ndikakhala ndi maganizo ndiyenera kuwanena pamaso pawo, osati kuwakonzera kuseri.

Yayamba kudontha tsopano. Amayi akuthamangira zovala pachingwe, akundiitana. Atate lero abwera mochedwa, apita ku Lusaka kukaona mitengo ya mota ija, ndipo sindifuna kuwapatsa nkhaniyi atatopa, pamene palibe chimene angachite mpaka kuche. Mwina apanso ndikudzinamiza. Mwina. Koma malire ndawaika, ndipo ndawalemba pano kuti ndisathawe.

Mawa ndidzuka 5 koloko. Atate amamwa tiyi okha pakhonde asanapite kushedi. Ndidzakhala pafupi nawo, ndipo ndisanawapatse moni wautali, ndisanayang'ane kolala, ndidzanena chiganizo chimene chatsala chosafufuta: "Atate, thumba ija isunga manzi, ninaona na menso yanga, tifunika kuyenda lelo." Akavula magalasi ndidzadikira, sindidzathawira kukhitchini. Kenaka ndidzawapempha alembe kalata kwa aphunzitsi kuti ndichedwa, chifukwa kumasula thumbalo pa mtanda kumafuna anthu awiri, ndipo ndikufuna wachiwiriyo ndikhale ine.